Mabulosi a m'Chigongono

Dzuwa linali litalowa kuseri kwa khola pamene Telala anayamba kutsuka zigubu za mkaka. Sinali ntchito yake imeneyo. Yake inali ya pa makina osokera, m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba, ndipo mudzi wonse unkamuitana ndi dzina la ntchitoyo mpaka lenileni linachita dzimbiri. Zigubu zinali za mwamuna wake, amene ankakama ng'ombe za gulu la alimi m'khola lalikulu la kumapeto kwa mudzi. Koma madzulo amenewo bamboyo anangokhala m'mphepete mwa chomwera ng'ombe cha simenti, atafungatira mkono wamanja ngati khanda, mkazi wake akupala mkaka wouma ndi chiguduli.

"Tandionetseni mkonowo," anatero Telala.

"N'kachilonda chabe. Ndinasupuka pa simenti pomwepa, ng'ombe yakuda ija itandikankha."

"Liti?"

"Aa, kalekale."

Mwamuna akati kalekale, dziwani kuti wakhala akubisa. Telala anapukuta manja n'kumupinda yekha mkono wa malaya. Chigongono chinali chitatupa ngati dzira la bakha, khungu lili lofiirira ndi lokhakhala, ndipo timabowo ting'onoting'ono tinkachucha madzi oyererako. Sichinkatentha. Mwiniwake anati sichipweteka kwenikweni, chimangoyabwa kukamada. Fungo lake silinali la chilonda chowola chimene aliyense amachidziwa, linali la chingwe chimene chagonera m'madzi.

Chimene chinamuopsa Telala chinali m'mphepete mwa chilondacho. Munali mutapindika bwinobwino, mozungulira, mofanana konsekonse, ngati mpendero wosokedwa ndi munthu wosapupuluma. Iye ntchito ya manja ankaidziwa akaiona, ndipo sanafune kuganiza kuti manjawo ndi a ndani.

"Ngati cha a Mlonda chija," ananong'ona.

"Iwe, usatchule zimenezo kunja kukuda."

Mlonda wa kholalo anali ataikidwa m'manda mwezi womwewo. Chake chinayambira pa mwendo. Mkuluyo ankakonda kulowa m'chomweramo osavala nsapato, kumapala zoterera za pansi, ndipo tsiku lina waya anamukanda. Anagula mafuta oletsa kuyabwa pa golosale. Kuyabwa kunasiyadi, koma chilonda chinasangalala ngati wachithira manyowa. Chinakwera bondo, chinafika m'ntchafu, chinadumphira mwendo winawo. Anali ndi matenda a shuga, inde, koma shuga ali ndi anthu ambiri ndipo sawasandutsa khungwa la mtengo. Amene anasambitsa mtembo anatuluka m'nyumba osayang'anana, ndipo mmodzi anakasanza kuseri.

Zitatero zinthu zinayamba kuoneka, monga zimachitira anthu akayamba kuzifuna. Mayi wokolopa m'shedi yokamira anatupa zala zitatu, zikhadabo n'kuyamba kugwedera. Ng'ombe yakuda ija inkatulutsa mkaka wamadzimadzi wokhala ndi timibulu, ndipo m'mawa mwina bere lake linkapezeka lofota ngati wina waikama kale. Kukangoyamba chisisira, pa malata pankamveka thapu, thapu, popanda mtambo kumwamba. Kukacha, pa makonde pankapezeka madontho akuda ofiirira, onga magazi koma osakhala magazi. Madonthowo ankabwera chaka chilichonse nyengo ngati imeneyi, mileme ikakhuta zipatso, ndipo palibe ankawalabadira. Chaka chimenechi aliyense ankadzuka n'kuyamba wasuzumira khomo la mnzake.

Pafupi ndi kholalo, kuseri kwa mpanda wa waya, kunkakhala mayi ake a Telala. Anali amasiye, a bondo lovuta ndi lilime losavuta m'pang'ono pomwe. Pabwalo pawo panali mtengo wa mabulosi, waukulu, wokalamba, umene malemu amuna awo anadzala, ndipo m'mudzi monsemo munalibenso wina. Nyengo yake ikafika ankagawa zipatso m'timbale kwa aliyense wodutsa, wofuna ndi wosafuna yemwe. Mpongozi wawo ankamukonda mwa njira yawoyawo, yomwe inali kumunyogodola. Akamuona akuchedwa ndi ng'ombe ankakuwa pa mpanda, "Apongozi, mudzamera mizu m'kholamo!" Anthu ankaseka, iyenso ankaseka.

Telala sanadikire kuti chilonda chifike paphewa. Anamukoka mwamuna wake mpaka ku chipatala chachikulu cha m'tauni, iye akung'ung'udza njira yonse za ng'ombe zimene wasiyira anthu osadziwa kukama. Kumeneko anamupatsa mapilisi, osathandiza. Anamusinthira ena, chimodzimodzi. Mapeto ake anadula kanyama kakang'ono m'mphepete mwa chilondacho n'kukatumiza ku labu, wodwalayo n'kumugoneka m'wodi. Telala ankafunsa mafunso mpaka anamwino ankathawa akamuona. Tsiku lina mmodzi anatopa naye n'kumulozera chitseko cha kumapeto kwa khonde, kuti akafunse yekha kwa mwini zoyeza.

M'chipindamo munkanunkha sipiriti. Pa tebulo panali timagalasi tambirimbiri tondandalikidwa m'mathireyi, kalikonse kali ndi kadontho ka utoto. Dokotala wa ku labu, bambo wa imvi ndi magalasi ochindikala, atamva kuti ndi mkazi wa wodwala wa chigongono anaimirira mokondwa ngati walandira mlendo wa ukwati. Kukondwa kumeneko kunamuopsa Telala kuposa nkhope ya chisoni.

"Mayi, ndakalambira pampando uno ndikungochiona m'mabuku chinthu chimenechi," anatero. "Si bakiteriya, si fangasi. Ndi ndere."

"Ndere? Ya pamadzi ija?"

"Mbale wake. Koma iyi si yobiriwira. Siidalira dzuwa, imangodya chimene yapeza. Imakhala m'madzi akuda, m'mawere a ng'ombe zodwala, ngakhale mu zonanda zimene zimachucha pa mtengo wovulala. Ikapeza bala imalowa. Sikawirikawiri ayi, n'chifukwa chake anzangawa anasokonezeka. Ndipo munthu sapatsira mnzake. Bwerani muone."

Telala anaika diso pa makina okulitsa tinthu tosaoneka. Poyamba anangoona chifunga. Dokotala anapotoza kachitsulo, ndipo chifungacho chinasanduka timipira tofiirira tomwazikana pakati pa nyama ya mwamuna wake. M'kampira kalikonse munali tina tating'ono tothithikana, kamodzi pakati, tinzake mozungulira.

"Kalikonse kali ndi ana m'mimba," anatero dokotala. "Akakhwima kamaphulika, ana n'kumwazika, aliyense n'kuyambanso zake. Mabuku amati kamaoneka ngati bulosi. Nanga inu mukuona bwanji?"

Telala anaseka koyamba patapita nthawi yaitali, chifukwa kanali kofananadi. Dokotala anamuuza kuti chotupacho achichotsa ndi opaleshoni, kuti mankhwala a m'diripi alipo, kuti zitenga nthawi koma mkono upulumuka. Anamuuzanso kuti mafuta oletsa kuyabwa asawayandikire, ndipo atamva za mayi wotupa zala uja anati abwere msanga. Telala anatuluka thupi lili pepuu. Chinthu chokhala ndi dzina komanso mankhwala sichinalinso choopsa, ndipo anakwera basi akufunitsitsa kuuza munthu.

Munthu woyamba kukumana naye potsika anali mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake. Mayiyu ankatchedwa Wailesi, ndipo dzinali sanalitole panjira.

"Alamu, achimwene ali bwanji? Apeza chiyani?"

"Apeza, alamu, ndipo achira! Ndi tinthu tooneka ngati mabulosi, ndaona ndekha ndi maso angawa. Timaberekana m'kati momwemo."

"Mabulosi?"

"Ee, ngati mabulosi. Akuti ndi ndere."

Wailesi anagwira pakamwa, ndipo Telala, chifukwa cha kutopa ndi chimwemwe, anayesa kuti mlamu wake wadabwa ndi nzeru za madokotala. Mawu akamayenda amagwetsa katundu panjira, ndipo apa panagwa kamawu kamodzi kokha, kakang'ono, kakuti "ngati". Pofika pa mjigo nkhani inali yakuti adokotala apeza mabulosi m'chigongono. Pofika pa golosale anali atatulutsa odzaza kambale, akupsa, njere zili momwemo. Pamene nkhuku zinkalowa, wina anali atakumbukira kuti Mlonda analandira kambale ka zipatso atatsala pang'ono kudwala. Wina anakumbukira kuti mayi wokolopa anathyolako yekha osapempha. Ndipo onse, mwadzidzidzi, anakumbukira mawu a pa mpanda aja, akuti mudzamera mizu. Za ndere palibe anazinyamula, zinali zosakoma kufotokoza.

Telala anazindikira mochedwa. Anthu anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe, ena osalowa n'komwe, kungotambasula dzanja pa zenera. Ana amene ankadzaza pansi pa mtengo uja anayamba kulambalala, akuthamanga. Atamva chimene chikunenedwa, anathamangira kwa mayi ake. Anawapeza akusesa masamba.

"Amayi, mwamva zimene akunena?"

"Ndamva. Ine ndikanakhala ndi luso limenelo, bwenzi ndikuvutika ndi bondo ili? Ndikanayamba n'kudzidzalira latsopano."

"Si zoseka izi, amayi."

"Nanga ndilire? Anayambitsa ndani bodza limeneli?"

Telala anayang'ana tsache. Mayi akewo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza kusesa, koma nthabwala zinali zatha.

Anayesa kukonza. Anapita kwa Wailesi, amene analumbira kuti iye anangobwereza zimene anamva. Anapita pa mjigo, amayi n'kusiya kulankhula, kumangomveka chitsulo chopopera. Anapita kwa mayi wa zala kukamupempha kuti apite kuchipatala, koma anamuyankhira chitseko chili chotseka kuti kwa mwana wa mfiti salandirako malangizo. Madzulo aliwonse thapu, thapu wa pa malata ankamveka ngati wawonjezeka. Kenako ng'ombe yakuda ija inapezeka itafa, mutu uli m'chomweramo, ndipo tsiku lomwelo ana aamuna a malemu Mlonda anayamba kunola nkhwangwa poyera.

Telala anawatenga mayi ake dzuwa likupendeka n'kukawabisa m'kachipinda kosokera, kuseri kwa nsalu zopachika. Anakhoma, n'kubwerera yekha kukaima pansi pa mtengo. Khamu linafika chisisira chitayamba. Silinkafuula, ndipo n'chimene chinali choopsa. Kunkangomveka mapazi ndi kutsokomola.

"Ali kuti eni mtengo?" anafunsa mwana wamkulu wa Mlonda, nkhwangwa ili m'manja.

"Kulibe. Tamverani, abale anga, ndine ndinalakwitsa kufotokoza. Ndinati ngati! Ngati mabulosi!"

"Ndiye mukuvomera kuti munatchula mabulosi."

"Adokotala ankangofanizira. Ndi ndere, ndere yosabiriwira."

"Ndere yosabiriwira munaionapo kuti, mayi?" anafunsa wina kumbuyo, ndipo panamveka kuseka kowuma.

"Munaona ndi maso anu?" anapitiriza wa nkhwangwa.

"Ndinaona."

"Munali njere m'kati?"

"Munali... tinthu tonga njere."

"Timaberekana?"

"Ee, koma tamverani! Akuti zimakhala m'madzi akuda, m'mawere a ng'ombe, ngakhale mu zonanda za pa mtengo..."

Anadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka. Khamu lonse linapuma mpweya pamodzi. Chilichonse choona chimene ankanena chinkasanduka msomali wokhomera mayi ake, ndipo anaona kuti akapitiriza awamaliza yekha. Manja a amayi awiri anamukokera pambali, mosamupweteka, ngati akuchotsa mwana pamsewu.

Nkhwangwa inalira. Mileme inabalalika m'nthambi ikulira tswii tswii, zipatso zikugwa ngati matalala pamitu ya anthu, malaya n'kudontha zofiirira. Mtengowo unali wa mphako. Nkhwangwa itaboola, munatuluka zinthu zoyera, zonanda, zochita thovu, n'kutsetsereka pa khungwa mpaka pansi. Odulawo anadumpha chammbuyo. Mayi wina anakuwa. Kenako fungo linafika pamene panaima Telala. Linali la chingwe chogonera m'madzi, lomwe lija la pa chigongono.

Ankadziwa zimene dokotala ananena. Anazibwereza mumtima ngati pemphero: mitengo yokalamba imachucha, madzi a m'khola amayenderera mpaka kuno, palibe chodabwitsa. Koma mphuno siimva zofotokoza. Mtengo unagwa n'kuphwanya mpanda, miyala inaswa mazenera a nyumba yopanda munthu, ndipo wa nkhwangwa ananena mosakweza mawu kuti mawa abweranso kudzatenga mwini mtengowo, ndipo akudziwa koyambira kufuna.

M'bandakucha, galimoto yotenga mkaka inaima kuseri kwa khola monga mwa masiku onse. Telala anali atagwada kale pamaso pa dalaivala, ndipo bamboyo anavomera mokakamizika kuwathawitsa amasiyewo, maso ali kumsewu. Telala anawatulutsa mayi ake atawafunditsa nsalu ya kasitomala amene sanabwere kudzatenga. Ankayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, chifunga chikuwabisa. Powathandiza kukwera pakati pa zigubu, nkhope ya Telala inagunda paphewa pawo, ndipo m'zovala zawo munali kafungo komwe kaja. N'zoona, munthu wokhala pansi pa mtengo zaka zonsezo akananunkha chiyani? Komabe manja ake anachita ngati afuna kubwerera, ndipo mayi ake anamva.

"Mtengo wa bambo ako agwetsa?"

"Agwetsa, amayi."

"Chabwino. Tsopano ndiuze, poti iwe ndiwe unaona. Usandiuze za adokotala. Iweyo, mumtima mwakomo, ukuti ndine?"

Yankho linali lalifupi ndipo linali pa lilime. Mwana aliyense akanalitulutsa asanapume n'komwe. Telala anatsegula pakamwa, koma fungo lija linali lidakali m'mphuno, timipira tija tinali tidakali m'maso, ndipo anachedwa. Sanachedwe kwambiri, mwina mpweya umodzi wokha.

"Ayi, amayi! Ayi!"

"Basi, ndamva," anatero mayi akewo mofatsa, n'kudzikokera nsalu kumaso.

Dalaivala analiza injini. Telala anathamangira galimotoyo akufunsa kuti akatsikira kuti, kwa azakhali kapena kwa ndani, koma zigubu zinkagundana ndipo ngati panali yankho silinamveke.

Zotsatira zake zinayenda bwino kwambiri, ndipo n'zimene zinamupweteka. Anthu a zaumoyo anabwera kudzaphwetsa chomwera ng'ombe, anachikwecha n'kuthiramo mankhwala, koma palibe anaima kuti aonerere. Mayi wa zala anatengedwa ndi mwana wake kupita kuchipatala mwakachetechete. Madontho a pa makonde anatha, poti mileme inalibenso chodya. Malata anakhala chete. Palibe wina anadwala. Makasitomala anabwerera ndi nsalu zawo, akumwetulira mwachifundo, ena mpaka kumusisita paphewa kuti si mlandu wake, munthu sasankha womubereka.

Mwamuna wake anatuluka m'chipatala atawonda, chigongono chili ndi chipsera choyera. Madzulo ena anakhala pakhonde akupinda ndi kutambasula mkonowo, akuusirira ngati wogula kumene.

"Chinayamba kuuma liti, ukudziwa?" anatero. "Sabata yomwe ija."

"Ndi sabata yomwe anakuchitani opaleshoni. Munali pa diripi."

"Ndinali pa diripi, inde." Anasisita chipseracho. "Ine sindikunena kanthu. Apongozi ndinkawakonda. Koma waona wekha."

Telala anafuna kukuwa, kumukumbutsa za simenti imene anasupukapo, za ng'ombe, za dokotala wa imvi. Koma analibe nkhope yodzudzulira munthu pa chinthu chimene iye mwini anachita, ngakhale kwa mpweya umodzi. Ankakondwa kuti mkono wapola, ndipo ankadana nako kukondwako. Anatumiza uthenga kwa azakhali, kwa amalume, kwa msuweni wa kutali, ndipo onse anayankha kuti sanawaone.

Dalaivala wa mkaka ankamuzemba. Akamuona akubwera ankakweza zigubu mothamanga n'kunyamuka chitseko chisanatsekeke. M'mawa wina Telala anangoima kutsogolo kwa galimotoyo, manja ali pa boneti, mpaka bamboyo anazimitsa injini n'kutulutsa mutu pa zenera.

"Mayi, mundipezetsa mavuto."

"Ndiuzeni kokha kumene munawasiya."

"Pamphambano paja, kusanayere bwino. Anagogoda kuti ndiime. Sindinaone njira imene analowera, chifunga chinali chambiri."

"Sananene kanthu?"

Dalaivala anayang'ana chiwongolero, akuchipukuta ndi chala pamalo popanda fumbi.

"Ndinawafunsa kuti, mwana wanu akadzandifunsa ndidzamuuze kuti muli kuti? Anandiyankha kuti, 'Ndilibe woti ukamuuze.'"

Telala anachotsa manja pa boneti, ndipo galimoto inadutsa.